Mayi a ku Luchenza, musagule kompresa ina chomwe chinapha yoyamba chisanapezeke

Mayi, mwanena kuti firiji ya mugolosale yanu, yomwe anakuikirani kompresa yatsopano sabata yatha, yasiyanso kuziziritsa, ndipo kompresayo ikumangong'ung'udza pang'ono kenaka n'kuzima, uku ikutentha moti simungaigwire. Mwatinso mmisiri wanu akuti mukagule ina ku Limbe. Ine ndikukupemphani kuti ndalamazo muyambe mwazisunga, chifukwa nthawi zambiri kompresa siingofa yokha. Pamakhala chimene chaipha, ndipo ngati chinthucho chikadali m'mapaipi kapena ku magetsi, yachitatunso idzafa imfa yomweyo.

Mwina yatsopanoyo sinafe n'komwe. Pambali pa kompresa pali kabokosi kakuda momwe mumakhala relay, yoidzutsa, ndi overload, yomwe imadula magetsi kompresa ikatentha kapena ikamakoka mphamvu yambiri. Kuzima komwe mukukumvako ndi overload imene ikugwira ntchito yake. Amisiri ena amabwezera relay yakale pa kompresa yatsopano, pomwe kompresa iliyonse ili ndi relay yoyenerana nayo. Mmisiri wanu achotse relayyo aigwedeze pafupi ndi khutu, ndipo ngati mukumveka tizidutswa tikuwayawaya, ndiye kuti inasweka. Kenaka ayeze ndi mita mapini atatu a pa kompresa otchedwa C, S ndi R. Kompresa yamoyo imaonetsa kuti muyeso wa pakati pa R ndi S ndi wofanana ndi wa C ndi R kuphatikiza wa C ndi S, ndipo palibe pini yomwe iyenera kulumikizana ndi chitsulo cha kunja. Ayezenso magetsi pa soketi nthawi yomwe kompresa ikuyesa kudzuka, makamaka madzulo. Magetsi athu amayenera kukhala 230V, koma akatsika kufika pansi pa 200V, kapena firiji ikakhala pa ekisitenshoni yaitali ya waya woonda, kompresa imalephera kuzungulira n'kumangotentha.

Koma pomwe mtima wanga ukukayikira kwambiri ndi m'mapaipi, ndipo apa ndikufuna mumufunse mmisiriyo mafunso awiri mosamuopa. Kodi anasintha draya, kachitsulo kamkuwa kaja kokhala ngati chala komwe kali kumapeto kwa mapaipi akuda a kumbuyo? Nanga anakoka mpweya ndi vacuum pump asanathire gasi? Ngati yankho n'lakuti ayi, vuto lanu lili pomwepo. Draya imasefa zinyalala ndi kuyamwa chinyezi, ndipo iyenera kusinthidwa nthawi iliyonse mapaipi akatsekulidwa, ngakhale ikuoneka yabwino. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa kompresa, n'chifukwa chake zimandipweteka kuona anthu akutaya ndalama zambiri chifukwa cha kanthu kameneka. Ena amagwiritsa ntchito kompresa yomweyo kutulutsira mpweya, kapena amangouzira gasi pang'ono, koma njira zimenezi sizichotsa madzi. Pamafunika pampu yeniyeni yokoka mpaka pafupifupi ma micron 500 pa geji yoyezera mpweya wotsala m'mapaipi.

Kuno ku Thyolo ndi Mulanje nkhani ya chinyezi siyoitenga mopepuka. Mapaipi akasiyidwa kukamwa tsiku lonse m'nyengo ya mvula kapena ya chiperoni, pomwe ngakhale zovala pachingwe siziuma, mpweya wonyowa umalowa ndithu. Oyilo wa POE yemwe amakhala m'makompresa a gasi wa R134a amayamwa madzi msanga kwambiri, ndiye zotsekera za labala za pa timapaipi ta kompresa yatsopano zikachotsedwa, kompresa iyenera kuwotchereredwa nthawi yomweyo. Madzi amenewa amakaundana kumapeto kwa kapaipi kakang'ono kaja ka capillary, komwe kabowo kake sikakwana ndi milimita imodzi yomwe, ndipo gasi amasiya kudutsa. Chizindikiro chake n'chakuti firiji imazizira poyamba, kenaka n'kusiya, ndipo mukaizimitsa kwa maola angapo imayambanso kuzizira kwa kanthawi. Ngati munaona zimenezi masiku oyambirira, mumuuze mmisiriyo.

Funsaninso momwe kompresa yoyamba inafera. Ngati inapsa mawaya a m'kati, oyilo wake amakhala wakuda ndi wonunkha moyabwa m'mphuno, ndipo amasiya asidi m'mapaipi onse. Asidi ameneyu amadya vanishi wa mawaya a kompresa yatsopano mpaka nayonso kupsa. Zikatero mapaipi ayenera kutsukidwa ndi kuuziridwa ndi nitrogen, ndipo capillary ikatsekeka ndi zinyalala ingosinthidwa. Asayerekeze kuuzira ndi oxygen wowotcherera, chifukwa akakumana ndi oyilo amaphulika.

Za gasi nazo muzionetsetse nokha. Pa firiji pali kapepala kolembedwa mtundu wa gasi ndi magalamu ake, ndipo pa kompresa palinso kena. Ziwirizi zigwirizane. Kompresa ya R600a siyenera kuthiridwa R134a, chifukwa inapangidwira gasi wa mphamvu yochepa, ndipo imalemedwa n'kumazima monga momwe yanu ikuchitira. Gasi athiridwe poyeza pa sikelo, osati pongogwira paipi ndi dzanja, popeza akachuluka amabwerera ku kompresa akadali wamadzi, ndipo mudzaona paipi yaikulu yolowa mu kompresa itachita chisanu mpaka kunja. Dziwaninso kuti R600a amayaka moto, choncho asawotcherere gasi akadali m'kati kapena m'chipinda chotseka.

Pakadali pano izimitseni firijiyo, chifukwa kuyesayesa kudzukako n'komwe kungaimalize, ndipo nkhuku ndi nsomba zanu mukasungitse kwa anzanu. Ikakonzedwa, muiikire fridge guard, kachipangizo ka pa soketi koteteza firiji, kuti magetsi akabwerera izidikira mphindi zingapo isanayake. Ngati mungathe, jambulani timapepala tiwiri tija pamodzi ndi draya yomwe ilipo, munditumizire zithunzizo, ndipo ndikuuzani ngati kompresa yomwe anakugulitsaniyo ili yoyenera firiji yanu.