Galimoto yaikulu, ngolo kumbuyo ndi msewu woundana: yankho kwa achimwene a ku Calgary

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa kwathu amene akukhala ku Calgary, m'chigawo cha Alberta ku Canada, ndipo andilola kuti ndiwayankhire pano. Nkhani yawo ili motere. Ali ndi ana anayi, apongozi awo akubwera kudzakhala nawo, choncho galimoto yawachepera. Akufuna kugula Ford Expedition kapena Chevrolet Tahoe yoti inayendapo kale, kuti izikokanso ngolo yogonamo imene mnzawo akugulitsa, yolemera mapaundi 6,000 ikakhala yopanda kanthu. Wogulitsa galimoto wawauza kuti towing package ndi yosafunika kwenikweni, iye angowamangirira chitsulo chokokera kumbuyo basi. Wawauzanso kuti poti galimotoyo ndi 4x4, kugula matayala a nyengo yozizira n'kutaya ndalama. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona, komanso ngati angakoke ngoloyo mpaka ku Kelowna pa Khirisimasi kukaona abale.

Achimwene, zikomo pondikhulupirira. Pa zonse ziwiri wogulitsayo wakusocheretsani, ndipo chachiwiricho n'chimene chandisowetsa mtendere, chifukwa chikukhudza moyo wa ana anu. Koma ndiyambe ndi zokoka.

Chitsulo cha kumbuyo chija ndi kachigawo kakang'ono chabe ka towing package. Zenizeni zili mkati, kumene maso saona. Ku fakitale amaika rediyeta yaikulu kuti injini isatenthe pokwera phiri ndi katundu. Pa magalimoto ambiri amasinthanso magiya a mu ekiselo yakumbuyo kuti galimoto izidzuka ndi mphamvu ikalemedwa. Amaikanso kachipangizo kolamulira mabuleki a ngolo, kuti mukaponda buleki ngolo nayo izigwira. Kusiyana kwake si kwamasewera. Tahoe ya 4x4 ya zaka za 2015 mpaka 2020 imaloledwa kukoka mapaundi 6,400 ikakhala wamba, koma 8,400 ikakhala ndi Max Trailering Package, imene a Chevrolet amailemba ndi zilembo zoti NHT. Expedition ya 2018 ndi zaka zotsatira imayambira cha m'ma 6,000, koma ndi Heavy-Duty Trailer Tow Package imafika 9,000 kapena kupitirira pang'ono. Galimoto ziwiri zofanana mtundu ndi chaka zikhoza kuima moyandikana pamalo ogulitsira, ina n'kukhala yokwanira ngolo yanu, inayo ayi. Kumangirira chitsulo sikusintha nambala imene fakitale inapereka.

Ndiye musakhutire ndi mawu apakamwa. Khalani pa mpando woyendetsera, muyang'ane pafupi ndi chiwongolero ngati pali kachipangizo kotsina ndi zala ziwiri, kokhala ndi mabatani owonjezera ndi ochepetsera mphamvu. Zungulirani kumbuyo muone ngati pali soketi yozungulira ya mapini 7, chifukwa ya mapini 4 imangoyatsa magetsi, siyendetsa mabuleki. Kenaka tengani nambala ya chasisi, imene amaitcha VIN, mupemphe kuti akusindikizireni pepala losonyeza zonse zimene galimotoyo inatuluka nazo ku fakitale. Wogulitsa amene akuzengereza kukupatsani pepala limenelo musiyeni, magalimoto amenewa ndi ambiri ku Alberta kuno.

Tsopano pali nambala ina imene ogulitsa satchula, ndipo ndi imene idzakumangeni inuyo. Tsegulani chitseko cha dalaivala, muyang'ane pa mphuthu. Pali sitika yachikasu ndi yoyera imene imanena kuti anthu ndi katundu, zonse pamodzi, zisapitirire makilogalamu akutiakuti kapena mapaundi akutiakuti. Ngolo sikuti imangotsatira m'mbuyo, imatsamiranso galimoto. Gawo la kulemera kwake, pakati pa 10 ndi 15 pa 100 alionse, limakhala pa chitsulo chokokera chija, ndipo limawerengedwa ngati katundu amene mwanyamula.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngolo ya mnzanuyo ndi 6,000 ili yopanda kanthu, koma palibe amene amapita kutchire ndi ngolo yopanda kanthu. Mukaikamo madzi, gasi, batire, mapoto, ufa, zofunda ndi njinga za ana, kufika 7,000 sikuchedwa. Pamenepo pa chitsulo patsamira mapaundi pafupifupi 900. Chokokera chimene chimagawa kulemera ku matayala akutsogolo, chomwe ngolo yotere imafuna, chimalemera mwina 100. Inuyo, mayi akunyumba, apongozi ndi ana anayi, tingoyerekeza 850. Zakwana 1,850, musanaike ngakhale chikwama chimodzi. Ngati sitika ya galimoto imene mwaiona ikunena 1,600, mwapyola kale malire, ngakhale kabuku ka galimoto kakulonjeza kuti ikhoza kukoka 9,000. Ndipo galimoto ikakhala yapamwamba, ya denga lagalasi ndi mipando yoyenda ndi magetsi, nambala ya pa sitikayo imatsika, poti zokongoletsazo nazo zimalemera. Malangizo anga ndi akuti musankhe yosakongoletsa kwambiri koma yonyamula zambiri, kapena mufunefune ngolo yopepukirapo. Mukagula, pitani nazo zonse pa sikelo ya mathiraki, banja lonse lili m'katimo, muone manambala ndi maso anu.

Za matayala ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa ife ochokera kwathu timabwera ndi chikhulupiriro cholakwika. Tinakula tikuona Land Cruiser ikudutsa m'matope a Januwale pamene maminibasi atitimira, ndipo tinaphunzira kuti 4x4 ndiye mankhwala a msewu woipa. M'matope vuto limakhala kuyenda. Pa ayezi vuto limakhala kuima ndi kukhota. 4x4 imagawa mphamvu ya injini ku matayala anayi kuti mudzuke, koma poima galimoto iliyonse imagwira ndi matayala anayi omwewo, kaya ndi Corolla kaya ndi Expedition. Kusiyana kwake n'kwakuti yanuyo ikulemera matani awiri ndi theka kapena kuposerapo, ndipo kulemera konseko kumafuna kupitirira.

Ndinaziona ndekha chaka changa choyamba kuno. Inu a ku Calgary mukuidziwa mphepo yofunda ya chinook, imene imasungunula chipale masana, usiku madziwo n'kuundananso. M'mawa wina msewu unkaoneka wakuda bwinobwino ngati wangonyowa. Ndinali pa liwiro lochepa, mwana wanga ali kumbuyo pa mpando wake. Maloboti atafiira ndinaponda buleki, ndipo pedulo inangonjenjemera pansi pa phazi langa, gu-gu-gu-gu, galimoto ikutsetsereka ngati ili pa sopo. Ndinadutsa mzere woyera n'kukaima pakati pa mphambano. Basi imene inkachokera kumanzere inali isananyamuke, ndi Mulungu yekha. Ndinakhala pamenepo manja akunjenjemera, mwana akundifunsa chifukwa chimene taimira pakati pa msewu. Galimotoyo inali 4x4, matayala ake anali atsopano ndithu, koma a all-season, matayala wamba amene amati ndi a nyengo zonse.

Chimene chimachitika ndi ichi. Kukazizira kufika pansi pa madigiri 7, labala ya matayala wamba imayamba kuuma, ndipo pa madigiri 25 pansi pa ziro imakhala gwa ngati pulasitiki. Matayala a nyengo yozizira amapangidwa ndi labala yokhalabe yofewa, ndipo ali ndi timing'alu tambirimbiri timene timaluma ayezi. Muziyang'ana chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka chipale m'kati mwake. Zilembo za M+S (matope ndi chipale) zokha musazidalire, zimangonena za kapangidwe ka mizere ya tayala. Komanso dziwani kuti chizindikiro cha phiricho chimaperekedwa poyesa mmene tayala likukokera pa chipale, osati mmene likuimira pa ayezi. N'chifukwa chake matayala a m'tchire ngati BFGoodrich KO2, ngakhale ali nacho chizindikirocho ndipo amaoneka aukali, pa ayezi safanana ndi Bridgestone Blizzak, Michelin X-Ice kapena Nokian Hakkapeliitta. Kwa munthu woyenda ndi ana m'mawa uliwonse ku Calgary, ine ndimati gulani enieniwo, onse anayi, osati awiri.

Boma la Alberta silikakamiza matayala amenewa, ndipo mwina ndi pamene wogulitsa uja wabisala. Ku Quebec ndi lamulo kuyambira 1 Disembala mpaka 15 Malichi. Ku British Columbia, kumene mukufuna kupitako, misewu ya m'mapiri imafuna matayala ovomerezeka kuyambira 1 Okutobala mpaka 30 Epulo, mizere yake yakuya mamilimita 3.5 kapena kuposa. Kumeneko amalola M+S, koma limenelo ndi lamulo lokupulumutsani ku chindapusa chabe. Matayala okhala ndi timisomali ndi ololedwa ku Alberta, ndipo pa ayezi woterera amagwira kuposa ena onse. Amasokosa pa tala wouma, koma ngati mumayenda kawirikawiri pa Highway 2 kukadali mdima, phokosolo n'lopiririka.

Galimoto zimenezi zambiri zimabwera ndi malimu a mainchi 20 kapena 22. M'nyengo yozizira gulani malimu ena a mainchi 18 ngati akukwana pa mabuleki a galimoto yanu, matayala ake amatsikirapo mtengo, ndipo kusintha kawiri pa chaka kumaphweka. Onetsetsani kuti nambala ya kulemera imene yalembedwa pa tayala siyotsika kuposa ya matayala amene galimoto inabwera nawo, poti mudzakhala mukunyamula anthu asanu ndi awiri. Mpweya muziuyeza pafupipafupi, umatsika wokha kukamazizira. Za matcheni werengani kaye kabuku ka galimoto, chifukwa pa matayala ena aakulu opanga amaletsa, malo ake ndi ochepa ndipo tcheni ikhoza kudula paipi ya mabuleki.

Batani la 4x4 nalo lili ndi kagwiritsidwe kake. Pa misewu ya m'tauni, pamene pena pali chipale pena pouma, ikani pa Auto kapena 4A, galimoto izisankha yokha. 4H yomanga matayala onse pamodzi ndi ya pamene msewu wonse wakutidwa, ndipo mukaiyendetsa pa tala wouma mudzamva galimoto ikukakamira pokhota, zitsulo zikupweteka. Cruise control, kachipangizo kosunga liwiro kokha, izikhala yozima msewu ukakhala woterera.

Tsono za ulendo wa ku Kelowna. Achimwene, ngolo isiyeni kunyumba. Njira imeneyo imadutsa Kicking Horse Pass ndi Rogers Pass, zitunda zazitali zotsetsereka, ndipo m'Disembala nthawi zina amatseka msewu kwa maola chifukwa cha chipale chogumuka m'mapiri. Ngakhale galimoto yanu itavala matayala abwino chotani, ngoloyo ili pa matayala ake osapangidwira kuzizira. Potsika phiri mapaundi 7,000 amakukankhani kumbuyo. Mabuleki a ngolo akagwira kwambiri matayala ake amasiya kuzungulira n'kuyamba kutsetserekera m'mbali, akagwira pang'ono ngolo imakankha galimoto mpaka ziwirizo kupindana ngati mpeni. Batani la tow/haul, limene m'chilimwe limakuthandizani potsitsa magiya lokha, pa ayezi likhoza kutereretsa matayala akumbuyo, ndipo kabuku ka Ford kamachenjeza kuti musaligwiritse ntchito pa msewu woterera. Ine ndakoka ngolo kwa zaka zingapo tsopano, koma yogonamo ndimaichotsa madzi m'mapaipi mu Okutobala, n'kuifunditsa mpaka Meyi. Inu simunakokepo n'kamodzi komwe. Phunzirani m'chilimwe, pamalo oimika magalimoto opanda anthu, kubwerera m'mbuyo ndi kutchera mphamvu ya mabuleki, kenaka ulendo waufupi wa ku Kananaskis kapena ku Banff.

Pa Khirisimasi pitani ndi galimoto yokha, pa matayala a nyengo yozizira, thanki yodzaza, zofunda, fosholo ndi chakudya m'galimoto. Onani DriveBC, tsamba la pa intaneti lonena mmene misewu ya ku British Columbia ilili, musananyamuke, ndipo muchoke m'mamawa kuti mapiri muwadutse kukuwala. Ngati abale a ku Kelowna alibe malo okwanira anthu asanu ndi awiri, ndalama ya hotela ya masiku atatu ndi yochepa poyerekeza ndi zimene tikukambazi.

Pa funso loti Expedition kapena Tahoe, zonse ziwiri ndi zabwino pa ntchito yanu. Ngati apongozi akhalitsa ndipo mpando wachitatu uzikhala ndi anthu masiku onse, ganizirani zazitali zake, Expedition Max kapena Suburban, chifukwa zazifupizo malo a katundu amachepa mipando yonse ikadzuka, komanso galimoto yaitali imakhazikika bwino ngolo ikamagwedezeka ndi mphepo. Mukapeza imene yakusangalatsani, jambulani sitika ya pachitseko ija ndi pepala la ku fakitale, munditumizire pamodzi ndi chithunzi cha sitika ya ngolo, tiwerengere limodzi musanasaine. Mundiperekere moni kwa mayi ndi ana, ndipo apongozi akafika muwagulire nsapato za mphira wogwira asanaponde panja, chifukwa ayezi wa pakhomo amagwetsa akuluakulu.