Masewero asanu ndi timu imodzimodzi, phindu lake n'chiyani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene akuti wayamba kumene kuonera kiriketi. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Za Chikho cha Dziko Lonse ndimazimvetsa, chifukwa pamapeto pake wina amakhala katswiri. Chondisokoneza n'chakuti timu ya dziko lina imapita kwa anzawo, n'kusewera ndi timu imodzimodziyo katatu kapena kasanu, kenako n'kubwerera kwawo. Kodi amenewa si masewero ongocheza? Mnzanga amakonda kutchula masewero a 438 ngati kuti anali fainolo, koma nditafufuza ndapeza kuti sanali a mpikisano waukulu uliwonse."

Zikomo bambo pondilembera. Mnzanuyo musamuseke, akudziwa chimene akunena. Ndiyamba ndi malamulo pang'ono kuti tiyendere limodzi, kenako tifike pa 438 paja.

Kiriketi ya ma over owerengeka ili pawiri. Pali ODI, ya tsiku limodzi, momwe timu iliyonse imapatsidwa ma over 50. Over imodzi ndi mipira 6, ndiye kuti mipira 300 yoti mupezemo ma run (mapointi a kiriketi) ochuluka momwe mungathere. Anthu anu 10 akatuluka ma over asanathe, kwanu kwatha. Woponya mmodzi saloledwa kupitirira ma over 10, choncho kaputeni amafunika oponya osachepera asanu, ndipo mmodzi akamamenyedwa kwambiri palibe pomubisa. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku. Ina ndi T20, ya ma over 20, yomwe imatha m'maola atatu kapena kupitirira pang'ono.

Mwina simukudziwa kuti masewero a timu ziwiri ndi amene anayamba, Chikho cha Dziko Lonse chinabwera pambuyo. ODI yoyamba inaseweredwa pa 5 January 1971 ku Melbourne, pakati pa Australia ndi England, ndipo inabadwa mwangozi. Mvula inali itasokoneza masewero a Test, kiriketi yotenga masiku angapo, akuluakulu n'kuganiza zokonza masewero a tsiku limodzi kuti anthu asangobwerera chimanjamanja. Anthu anakhamukirako, Australia inapambana, ndipo mu 1975 m'pamene kunachitika chikho choyamba ku England.

Tsopano za mnzanu uja.

Kumapeto kwa February 2006, Australia inapita ku South Africa. Nthawi imeneyo Australia inali chilombo, itatenga chikho cha 1999 ndi cha 2003. South Africa inali ndi bala losapola la mu semifainolo ya 1999 yokumana ndi Australia ku Edgbaston, ku England, pamene Lance Klusener ndi Allan Donald anasokonezana pothamanga run imodzi yokha yomwe inkafunika, masewero n'kuthera pofanana, Australia n'kupita ku fainolo. Komanso milungu yochepa m'mbuyomo, anyamata a kaputeni Graeme Smith anali atachokera ku Australia komwe anagonja pa ma Test ndipo sanafike ngakhale mu fainolo ya mpikisano wa timu zitatu. Ndiye pamene alendo ankatsika ndege, eni bwalo anali ndi ngongole yoti abweze.

Masewero oyamba ku Centurion, South Africa inapambana. Achiwiri ku Cape Town kunali kuchititsana manyazi: Makhaya Ntini anatulutsa anthu 6 atangopereka ma run 22, Australia yonse n'kuthera pa 93. Apa aliyense ankati nkhani yatha. Koma Australia ya masiku amenewo sinkafa msanga. Inapambana ku Port Elizabeth, komwe lero kumatchedwa Gqeberha, kenako ku Durban inapulumukira pa wicket imodzi yomaliza, kutanthauza kuti munthu mmodzi yekha akanatuluka ikanagonja. Zinthu zinafika pa 2-2, kutatsala masewero amodzi, pa 12 March ku Wanderers mu Johannesburg.

Yankho la funso lanu lili pamenepa bambo. M'chikho mumakumana ndi timu kamodzi, mwina kawiri, basi. Paulendo wotere mumaonana ndi anthu omwewo milungu iwiri kapena itatu. Womenya amene wakuvutani Lachisanu mumagona mukumuganizira, Lamlungu n'kumutchera msampha wina. Woponya amene wakupezani chofooka amabwereranso pomwepo mpaka mutakonza kapena mutachotsedwa mu timu. Mkwiyo umasonkhana, mantha nawonso. Pofika masewero achisanu, timu ziwirizi zinkadziwana ngati anthu apabanja limodzi amene akhala akukangana mwezi wonse.

Australia inayamba kumenya. Adam Gilchrist ndi Simon Katich anayala maziko, kenako Ricky Ponting anachita zoopsa: ma run 164 pa mipira 105. Michael Hussey anawonjezera 81. Pomaliza pa bolodi panalembedwa 434, atatuluka anthu anayi okha. Kufikira tsiku limenelo panalibe timu yomwe inafikapo 400 pa ODI. Chiwerengero chachikulu chinali 398 cha Sri Lanka pokumana ndi Kenya mu 1996. Ndinene kuti bwalo la Wanderers limathandiza omenya: Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera panyanja, mpweya ndi wopepuka, ndipo mpira ukamenyedwa umauluka kutali. Ndinenenso kuti woponya wa South Africa Shaun Pollock sanasewere tsikulo chifukwa chovulala, ndipo kumbali ya Australia kunalibe woponya wawo Glenn McGrath paulendo wonsewo. Komabe 434 ndi 434. Pamafunika ma run pafupifupi 9 pa over iliyonse, kuyambira mpira woyamba mpaka womaliza, osapumira.

South Africa itayamba kumenya, Boeta Dippenaar anatuluka msanga ali ndi run imodzi. Kenako Smith ndi Herschelle Gibbs anayamba kumenya ngati anthu amene alibenso choti ataye. Smith anapeza 90 pa mipira 55. Gibbs anafika 175 pa mipira 111. Ndiye taonani mmene kiriketi imasungira mangawa: Gibbs yemweyu ndi amene anagwetsa mpira umene ukanatulutsa Steve Waugh wa Australia m'chikho cha 1999 ku Headingley, cholakwa chomwe anthu ankamukumbutsa kulikonse. Tsiku la 438, Nathan Bracken anagwetsa mpira wosavuta wa Gibbs ali pa 130. Bracken yemweyo anatulutsa anthu asanu, koma anthu amakumbukira mpira wogwa uja.

Paja ndinati lamulo la ma over 10 mulisunge. Woponya wa Australia Mick Lewis anamenyedwa ma run 113 m'ma over ake 10 popanda kutulutsa aliyense, ndipo kwa zaka zambiri palibe woponya wina amene anapereka ochuluka chotero pa ODI. Sanaseweretsedwenso mu timu ya Australia. Ine mpaka lero ndimamumvera chisoni, chifukwa tsiku limenelo aliyense woponya anali nyama, iye anangokhala amene dzina lake linalembedwa pamwamba. Munthu akamati maulendowa ndi ongocheza, afunse Lewis.

Gibbs atatuluka zinthu zinayamba kugwedera. Ma wicket anagwa, Johan van der Wath anamenya 35 mofulumira n'kutsitsimutsa chiyembekezo, Mark Boucher n'kumangogwira mbali yake. Over yomaliza, Brett Lee ali ndi mpira, pankafunika ma run 7 kutatsala ma wicket awiri. Boucher anathamanga imodzi. Andrew Hall anamenya four, mpira wofika kumalire a bwalo umene umapereka ma run anayi. Kutatsala ma run awiri okha, Hall anafuna kumaliza mwaulemerero, anakweza mpira m'mwamba ndipo anagwidwa. Bwalo lonse linakumbukira 1999 nthawi imodzi. Amene analowa anali Ntini, munthu womaliza pamndandanda, amene ntchito yake si kumenya. Anaukankhira mpira kumbali, anathamanga run imodzi, ziwerengero zinafanana. Mpira wotsatira Boucher anaumenya four. 438, atatuluka anthu 9, kutatsala mpira umodzi, ndipo ulendo wa ODI unathera 3-2.

Chiwerengero cha 438 sichinakhalitse pamwamba. Mu July chaka chomwecho Sri Lanka inapeza 443 pokumana ndi Netherlands, England inafika 481 pokumana ndi Australia ku Nottingham mu 2018, kenako 498 mu 2022. Koma onsewa anali omenya koyamba. Kuthamangitsa 434 n'kuipeza, patsiku loti wopambana atenga zonse, ndi nkhani ina.

Sindikunamizeni kuti ulendo uliwonse umakhala chonchi. Ena amatopetsa ndithu. Timu ina ikatsogola 3-0 pa masewero asanu, awiri otsalawo amasanduka oyeserapo achinyamata. Mu November 2022 England inatenga chikho cha T20 ku Melbourne, patangopita masiku anayi n'kuyamba ma ODI atatu ndi Australia. Osewera anali otopa, England inagonja onse atatu, ndipo omaliza pabwalo lalikulu la MCG ku Melbourne anaseweredwa mipando yambiri ili yopanda anthu. Ulendo ngati umenewo, inde, ndikugwirizana nanu. Unakonzedwa chifukwa cha ndalama, poti bungwe la kiriketi la dziko lolandira alendo ndi limene limagulitsa ufulu woonetsa masewero pa TV, ndipo kwa mayiko ambiri ulendo umodzi wa India umabweretsa ndalama zoposa za maulendo ena angapo.

Koma ngakhale ulendo wozizira uli ndi chimene umawerengera. Bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse la ICC limasanja matimu potengera zotsatira za masewero onsewa. Pakati pa 2020 ndi 2023 kunali Super League ya matimu 13, momwe mapointi a maulendo otere ndi amene ankapereka malo ku chikho cha 2023. West Indies, akatswiri a 1975 ndi 1979, sanapeze mapointi okwanira, anakagwanso pa masewero odzigulira malo ku Zimbabwe, ndipo chikhocho anaonera kunyumba. Pa chikho cha 2027, chomwe chidzachitikire ku South Africa, Zimbabwe ndi Namibia, malo ambiri adzaperekedwa potengera mndandanda wa ICC womwewo.

Ndisanaiwale, kachikho ka ulendo kamakhalapo, kaputeni wopambana amakanyamula n'kujambulitsa. Palibe amene amakumbukira maonekedwe ake. Ndipo patangopita masiku ochepa kuchokera pa 438, timu ziwirizi zinayamba ma Test atatu, Australia n'kupambana onse. Chaka chotsatira, mu semifainolo ya chikho cha 2007 ku St Lucia, Australia inathetsa South Africa yonse pa 149. Ndiye mnzanu akadzayambanso kudzitama, muli nazo zomuyankha.

Mukafuna kuonera kanema wa tsiku lija, musayambe ndi iye. Yambani ndi wa ku Cape Town muone Ntini akugwetsa Australia, kenako wa ku Durban muone South Africa ikulephera kutulutsa munthu mmodzi womaliza. Mukatero m'pamene mutsegule wa ku Wanderers, ndipo Hall akagwidwa, muyang'ane nkhope ya Ntini pamene akulowa m'bwalo.