Ndagula vesheni yatsopano, yakale ija ndigulitse?

Funso: Ndili ndi kabizinesi kojambula mapulani a nyumba. Pulogalamu yomwe ndimagwiritsa ntchito ndinaigula kalekale ndi ndalama zanga, chaka chino ndapanga upgrade pa mtengo wotsika. Yakale ija yangokhala, disiki ndi nambala yake zonse zilipo. Ndingamugulitse mnzanga, kapena kuiika pa kompyuta ya mnyamata amene amandithandiza?

Achimwene, dikirani kaye musanalandire ndalama ya munthu. Chimene munagula poyamba paja si pulogalamuyo ayi, munagula laisensi, chilolezo choti muziigwiritsa ntchito, ndipo malamulo ake ali mu chikalata chachitali chija tonse timangodina kuti tavomera osawerenga ngakhale mzere umodzi. Ndiye funso ndi lakuti, anakutsitsirani mtengo chifukwa chani? Kampani sinakukondeni ayi. Nthawi zambiri laisensi yakale ija imalowa mu yatsopanoyo, ziwirizo zimakhala chinthu chimodzi. Zili ngati munthu wopereka foni yake yakale nkuwonjezerapo ndalama kuti atenge yatsopano, mawa lake sangaitsatsenso yakale ija.

Nkhani ngati yanuyi inafikapo kukhoti ku America. Kampani ina yojambula mapulani inali ndi pulogalamu yojambulira mapulani yotchedwa AutoCAD Release 14, inapanga upgrade kupita ku AutoCAD 2000 pa madola 495 laisensi imodzi pomwe yatsopano inali madola 3,750, ndipo mgwirizano unkati makope akale awonongedwe. Iwo mmalo mowononga anagulitsa kwa Timothy Vernor, iyeyo nkumakatsatsa pa eBay, msika wa pa intaneti. Mu 2010 khoti la apilo linagamula mokomera Autodesk, eni ake a AutoCAD, kuti kampani yojambula mapulani ija inali ndi laisensi chabe, sinali mwini wake, ndiye inalibe mphamvu yogulitsa.

Ku Ulaya zinthu nzosiyanako pang'ono, mu 2012 khoti lalikulu la European Union pa mlandu wa UsedSoft ndi Oracle linati laisensi yogula kamodzi mpaka kalekale munthu atha kuigulitsanso, koma wogulitsayo afufute kope lake asatsale nalo. Onani pamenepo, ngakhale kumene malamulo ndi ofewa, laisensi imodzi siberekana kukhala ziwiri. Ndiye za mnyamata wanu zija yankho ndi lomwelo, anthu awiri kugwira ntchito nthawi imodzi pa laisensi imodzi ndi kuphwanya mgwirizano, pokhapokha chikalata chanu chitanena poyera kuti nzololedwa.

Komatu musaitaye msanga. Makampani ena amalola kuti yakale ikhalebe pa kompyuta yanu yomweyo kuti muzitsegulira mafayilo akale a makasitomala, ena amangopereka kanthawi kosamukira basi. Tsegulani chikalata cha vesheni yatsopanoyo, fufuzani pamene alemba upgrade kapena previous version, kandime kake kamakhala kakafupi. Ngati simukumva, alembereni imelo ogulitsawo ndipo yankho lawo mulisunge pamodzi ndi malisiti onse awiri. Lisiti lakale lija ndi lofunika zedi, poti ndi umboni woti munali oyenera mtengo wotsikawo.

Ndipo ngati upgrade yanuyo yakulowetsani mu zolipira mwezi ndi mwezi, apa ndiye tsegulani maso. Kampani ya Adobe itatulutsa mapulogalamu ake a CS6 mu 2012, chaka chotsatira inalengeza kuti zatsopano zonse zizibwera kudzera mu Creative Cloud, ndondomeko yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo mu 2019 inalembera makasitomala ena kuti mavesheni ena akale salinso ololedwa kuwagwiritsa ntchito, anthu akulipira ndithu mwezi uliwonse. Ine kumbali ya bizinesi ndimaona kuti laisensi yogula kamodzi ndi katundu wofunika kumuganizira kawiri musanamusinthanitse, chifukwa zamwezizi mukangosiya kulipira pulogalamu imatseka, ntchito nkuima.

Mnyamata wanuyo mugulireni laisensi yakeyake, ndalamayo muilembe mu buku ngati yogulira chida cha ntchito ndipo muiganizire poika mitengo ya mapulani anu.