Nambala ya 253 bar yandisowetsa tulo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amakonza makina pafakitale. Ali ndi paipi yachitsulo ya mainchesi 4, Schedule 40 (gulu la kukhuthala kwa khoma lake), imene yatha zaka ikunyamula madzi. Anawerengera ndi fomyula ya Barlow, yopezera presha imene paipi ingapirire, n'kupeza 253 bar (bar ndi muyeso wa presha), ndiye akufunsa ngati angalumikizepo pampu yatsopano ya 40 bar popanda nkhawa.

Bambo, imelo yanu ndinaiwerenga kawiri mtima ukugunda, chifukwa zomwe mwachitazi nanenso ndinazichitapo.

Ndinali nditangoyamba kumene ntchito pamene anandiuza kuti ndione ngati mapaipi ena akale angapirire presha yokwererapo. Ndinatsegula buku la miyeso, n'kutengamo kukhuthala kwa khoma la paipi, n'kuwerengera. Nambala inatuluka yaikulu, yosangalatsa. Ndinapita nalo pepalalo kwa mkulu wina wowotcherera amene anakalambira pa ntchito imeneyi. Iwo sanalilandire n'komwe. Anangondifunsa kuti, "Mwana wanga, wayeza paipi kapena wayeza buku?" Ine ndinaumirira kuti masamu sanama. Tsiku loyesa ndi madzi, geji isanafike n'komwe pamene tinkafuna, tinangomva kuti phuu! Panang'ambika pamene paipi yakhota, madzi n'kuthovoka mwamphamvu mpaka kukamenya khoma. Mnzanga wina anali atangochoka pamalo omwewo. Titadula chidutswacho tinapeza chitsulo chitapyapyala ngati chitini. Madzi a timchenga anali akuchidya mkati kwa zaka, kunja penti ili phee ngati yatsopano. Usiku umenewo sindinagone, ndipo mpaka lero ndikaona munthu ataima pafupi ndi paipi yomwe ikuyesedwa, ndimamuchotsapo ndisanalankhule china chilichonse.

Chinatipulumutsa n'chakuti tinkayesa ndi madzi. Madzi sapanikizika kwenikweni, choncho paipi ikang'ambika presha imagwa nthawi yomweyo. Mpweya ndi wina. Umasunga mphamvu yonse imene kompuresa yaukankhira, ndipo paipi ikalephera, zidutswa zimauluka. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona anthu akuyesa mapaipi ndi mpweya pofuna kupewa ntchito youmitsa, kapena akuyendetsa mpweya wa kompuresa m'mapaipi wamba a PVC, amene amasweka ngati galasi. Zimenezo n'kusewera ndi moyo wa anzako, palibenso dzina lina.

Ndipo musaganize kuti zoterezi zimagwera osaphunzira okha. Pa 1 June 1974, fakitale ya mankhwala ku Flixborough, ku England, inaphulika n'kupha anthu 28. Panali paipi yongogwirizira ya mainchesi 20 imene anaika m'malo mwa thanki yomwe inang'aluka. Paipiyo inali yokhota, yolumikizidwa ndi zitsulo zofutukuka mbali zonse, ndipo panalibe amene anawerengera mokwanira mmene presha ingaikankhire ndi kuipinda. Kukhuthala kwa khoma kokha sikukanawauza zimenezo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindisintha: fomyula ya Barlow siyolakwika, koma m'manja mwa munthu wofulumira ndi yoopsa, chifukwa imayankha mosavuta funso limene simunafunse. Imakuuzani za paipi yowongoka, yatsopano, yopanda chilema. Paipi yoteroyo ili m'buku mokha. Yanuyo ili ndi dzimbiri, ili ndi mowotcherera, ili ndi mavavu ndi ma flange (zitsulo zozungulira zolumikizira mapaipi ndi mabawuti), ndipo ili ndi munthu amene tsiku lina adzatseka vavu mothamanga. Madzi othamanga mita imodzi pa sekondi akaimitsidwa mwadzidzidzi m'paipi yachitsulo, presha imalumpha ndi pafupifupi 12 bar pamwamba pa imene inalipo kale. Kugogoda kuja mumamva m'mapaipi pampu ikazima n'komweko.

Tsono masamu ake

Fomyulayo imati P = 2St/D, pamene P ndi presha. S ndi mphamvu imene chitsulo chikuloledwa kusenza, t ndi kukhuthala kwa khoma, D ndi kukula kwa paipi poyeza kunja. Paipi yanu kunja ndi mamilimita 114.3, khoma lake m'buku ndi 6.02. Ndaona mmene 253 inabwerera: pa S munaika 240 MPa (MPa imodzi ndi 10 bar), imene pa chitsulo cha mapaipi cha mtundu wa A106 Grade B ndi pomwe chimayamba kupindika osabwereranso. Pamenepo ndi m'mphepete mwa phompho, sipogwirira ntchito. Malamulo a mapaipi a m'mafakitale otchedwa ASME B31.3 amalola 138 MPa pa chitsulo chimenechi, bola kutentha kusapitirire cha m'ma 200°C. Kukapitirira apo nambalayo imatsika.

Khomanso musalitenge lonse. Opanga mapaipi amaloledwa kuti lichepe ndi 12.5 peresenti, ndiye 6.02 ija ikhoza kukhala 5.27 paipi ili yatsopano. Mukachotsaponso mamilimita 1.5 a dzimbiri la m'tsogolo, mwatsala ndi 3.77. Werengeraninso: 2 × 138 × 3.77 ÷ 114.3 ikupereka 9.1 MPa, kapena kuti 91 bar. Ngati paipiyo ili ndi msoko wowotcherera m'litali mwake, ya mtundu wa ERW, chulukitsani ndi 0.85, ndipo mutsika kufika pa 77 bar.

Mwina mukuti 77 ikadali pamwamba pa 40. Inde, koma simunandiuze za ma flange. Ngati ndi a gulu la presha lotchedwa Class 150, a chitsulo wamba, malire ake ndi 19.6 bar madzi ali ozizira, ndipo pa 200°C amatsika kufika 13.8. Pampu yanu ingawapitirire kawiri paipi isanamve n'komwe. Ichi n'chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanu, kuposa paipi yeniyeniyo, chifukwa flange ikalephera pakhoza kukhala pali munthu amene wawerama kuti aone pamene pakudontha.

Choncho pampuyo musailumikize kaye. Werengani manambala olembedwa pa flange ndi vavu iliyonse. Pezani woyeza kukhuthala kwa chitsulo ndi makina a ultrasonic, ayeze makamaka mokhota, pansi pa paipi ndi pafupi ndi pampu, ndipo nambala yochepetsetsa ndi imene muike pa t. Funsaninso presha imene pampuyo imafika vavu yakutsogolo ikatsekedwa, chifukwa imaposa 40, ndipo muike relief valve, vavu imene imatseguka yokha presha ikapitirira malire. Injiniya wovomerezeka aone zonsezi n'kusaina, kenako muyese ndi madzi pa presha yochulukitsa ndi 1.5 imene mapaipiwo akonzedwera, mutatulutsa mpweya wonse m'kati, anthu onse ali patali.