Nkhono za likodzo zachulukiranji m'nyanja?

Funso: Akuluakulu kwathu amati kale likodzo linali la m'madambo ndi m'mitsinje, kunyanja anthu ankasamba mosadandaula. Lero ana ambiri akukodza magazi. Chasintha n'chiyani?
Bambo wa ku Chembe, Mangochi

Yankho: Bambo, akuluakuluwo sakunama. Likodzo silifala popanda nkhono. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira a likodzo amene ali mumkodzo wake amaswa, tizilombo n'kulowa m'nkhono. Pakatha masabata 4 mpaka 6 timatuluka tambirimbiri, n'kuboola khungu la aliyense amene walowa m'madziwo.

Nkhono yodziwika kale ndi Bulinus globosus, yokonda madzi odikha okhala ndi udzu. Koma mu 2001 wofufuza Henry Madsen ndi anzake adasonyeza kuti ina, Bulinus nyassanus, nayonso imafalitsa likodzo. Imeneyi imakhala pagombe poyera, imadzikwirira pang'ono mumchenga, pomwepo pamene amayi amachapira ndi kutsuka mbale. N'kovuta kuiona.

Kale nkhonozi zinali ndi mdani. Nsomba zina, makamaka Trematocranus placodon, zili ndi mano olimba kukhosi ophwanyira zigoba. Jay Stauffer wa ku yunivesite ya Penn State ku America, amene wafufuza nsomba za ku Cape Maclear kwa zaka zambiri, adapeza kuti nsombazi zachepa m'madzi osaya, ndipo pamene zachepapo nkhono zachuluka. Makoka a maso ang'onoang'ono, makamaka osokedwa ndi neti ya udzudzu, amakokolola chilichonse cha m'mphepete, ndi tiana ta nsomba tomwe. Kuchuluka kwa anthu m'madoko opanda zimbudzi kwawonjezeranso vutoli, choncho tisaloze chala asodzi okha. Komabe khoka la neti ya udzudzu lisiyidwe ndithu, ndipo makomiti oyang'anira usodzi pamadoko (BVC) ndi mafumu asatope kuliletsa.

Chinanso chodetsa nkhawa n'chakuti mu 2017 ofufuza adapeza nkhono za Biomphalaria m'nyanja ku Mangochi. Izi zimafalitsa likodzo la m'matumbo, losaonekera mumkodzo.

Mwana wokodza magazi mupite naye kuchipatala. Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo amwe atadya kuti asachite nseru. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima zokha (tizilombo tija tikakula m'thupi), satchinjiriza, motero mwana akabwerera m'madzi omwewo amatenganso. N'chifukwa chake asamaphonye mankhwalawa akamagawidwa kusukulu.

Madzi osamba otunga kunyanja muwasunge m'ndowa masiku awiri athunthu musanawagwiritse ntchito, chifukwa tizilomboti tikasowa munthu timafa tokha. Ngati mwafulumira, aphitseni mpaka atenthe kwambiri, kenako muwasiye azizire. Musawasakanize ndi madzi ongotunga kumene.