Za utsi wa impepho ndi nthambi yaminga ija: yankho langa kwa achemwali a ku Rosettenville

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga dzulo usiku nditaweruka, ndipo ndaona kuti ambiri akuyankhani kuti "samukani msanga, ndi mfiti zimenezo". Ine ndikupempheni kuti muyambe mwaugwira mtima. Mwanena zinthu ziwiri. Choyamba, alandilodi anu amafukiza timasamba touma totuwa m'kambale kadothi, atagwada, akuyankhula okha. Chachiwiri, mwana wawo atamwalira pangozi yapamsewu munaona amalume ake akulowa pageti atanyamula nthambi yaminga, akuiyankhula ngati munthu. Mukufuna kudziwa ngati inu ndi kamwana kanu muli pabwino pakhomo pamenepo.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ku Joni ndakhalako zaka 14, ndipo zonsezi ndathera m'magadeni, manja ali m'dothi. Zomera ziwiri mwatchulazi ndimazidziwa bwino, ndipo palibe ngakhale chimodzi cholodzera munthu.

Timasamba totuwa tija ndi impepho. Ndi kachitsamba kam'dambo ndi m'mapiri, masamba ake ofewa ngati ali ndi ubweya, maluwa ake ang'onoang'ono achikasu amene safota ngakhale ataumitsidwa. A zasayansi amati Helichrysum, ndipo mitundu ina ya zomera zimenezi imamera kwathu komwe, pa Nyika ndi paphiri la Mulanje. Mukapita ku msika wa Faraday, kunsi kwa msewu wa M2 kuja, kapena ku Kwa Mai Mai, mukaipeza yomangidwa m'mitolo, yaunjikidwa ngati nkhuni, amayi akugulitsa poyera dzuwa likuswa mtengo. Cholodzera munthu sachiyala pamsika chonchija. Azulu, Axhosa ndi Aswazi amafukiza impepho akafuna kuyankhula ndi makolo awo amene anatsogola, omwe Azulu amati amadlozi. Mwambowo amautcha ukuphahla. Munthu amagwada, nthawi zina pambali pali kandulo, fodya wamphuno ndi madzi, n'kuyamba kutchula mayina a agogo ake mmodzimmodzi, kuwauza za mwana amene wabadwa, za ntchito imene yavuta, za ulendo umene akufuna kuyamba. Mayi amene wangoika mwana wake m'manda ali ndi zambiri zowauza akwawo. Zimene mukumva usiku zija n'kutheka kuti ndi kulira kwa nakubala basi.

Tsono taganizani za kwathu. Agogo anga aakazi mvula ikachedwa, kapena mwana akamadwaladwala, ankatenga ufa woyera m'kalichero n'kupita patsinde pa mtengo wa msolo. Ankasesapo kaye bwinobwino, n'kuthira ufawo pang'onopang'ono mpaka kupanga kachulu, akuwomba m'manja mofatsa, akutchula mayina a anthu amene ife ana sitinawaonepo. Sindinamvepo munthu m'mudzi monse akunena kuti gogo uja ndi mfiti chifukwa cha msolo. Tinkangoti akuthira nsembe. Kutchalitchi kwa Akatolika wansembe amafukiza lubani, abale athu Achisilamu nawo amafukiza ubani m'nyumba. Utsi wonunkhira wokwera kumwamba pamene munthu akupempha si chinthu chachilendo kwa ife. Mukhoza kukana kuchita nawo chifukwa cha chikhulupiriro chanu, ine ndemwe sindifukiza, koma kukana kuchita nawo ndi kumuyesa mnzako mfiti ndi nkhani ziwiri zotalikirana.

Za nthambi yaminga ndiye ndikufuna nditayepo nthawi, chifukwa ndinadzionera ndi maso angawa ndipo mpaka lero sizichoka m'mutu mwanga.

Mtengo umenewo inu mumaudziwa. Ndi kankhande, m'bale wake wa masau, uja ankatikola malaya tikamapita koweta mbuzi. Azulu amati umlahlankosi, kunena kuti woika mfumu m'manda, chifukwa kale nthambi zake ankaziika pamanda a mafumu. Ena amati umphafa. Iwo amakhulupirira kuti munthu akafera kutali ndi kwawo, pamsewu, m'chipatala kapena mumgodi, thupi likhoza kunyamulidwa koma mzimu umatsala pamalo pomwe wafera, osadziwa njira. Ndiye pamafunika munthu wamkulu wa m'banjamo akautenge.

Panali mnzanga wina wa ku KwaZulu-Natal amene tinkagwira limodzi ntchito yodula udzu. Tsiku lina m'mawa anagundidwa ndi galimoto akuwoloka msewu, n'kufera pomwepo. Patapita masiku angapo abale ake anabwera, ndipo anandipempha kuti ndikawasonyeze malo enieniwo. Bambo ake aang'ono, munthu wa imvi, anatulutsa kanthambi ka kankhande kotalika ngati mkono wa mwana. Anagwada m'mbali mwa phula, magalimoto akungodutsa, n'kukakhudzitsa pansi. Anamutchula dzina, natchulanso mfunda wake, kenako anati, mwana wanga, tabwera kudzakutenga, dzuka tizipita kumudzi. Kuchoka pamenepo sanatiyankhulenso ife, ngakhale kutsanzika, ndipo sanacheuke. Mnyamata amene anali nawo ndi amene anandinong'oneza kuti m'takisi alipira mipando iwiri, wina wa bambowo, wina wa nthambi, ndipo njira yonse azimuuza malemuyo kuti tsopano tikukwera, tsopano tikuwoloka mtsinje, tsopano tafika pageti. Ine ndinaima pamenepo misozi ili chuchuchu.

Chinandiliza china n'chakuti ndinakumbukira maliro athu a kuno. Tonse m'gulu muno tasonkhapo marandi kuti m'bale wathu asaikidwe kuchilendo. Thupi limayenda ulendo wonse uja, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Ndipo ine ndamvapo akuluakulu operekeza akuwerama pabokosi galimoto isananyamuke n'kunena kuti, tikupita kumudzi tsopano, musativute m'njira. Ife timayankhula ndi bokosi, iwo amayankhula ndi nthambi. Amalume munawaona pageti aja ankalowetsa mphwawo m'nyumba mwa amayi ake kuti asasochere. Kwa ife Angoni a ku Ntcheu zimenezi zisatidabwitse n'komwe, pajatu makolo athu anachokera kumwera konkuno.

Mukadzaupeza mtengowo mudzauyang'anitsitse. Minga zake zimakhala ziwiriziwiri, ina yowongoka yoloza kutsogolo, ina yokhota ngati mbedza yoloza kumbuyo. Anthu a kuno amamasulira kuti yowongokayo ikuti ona kumene ukupita, yokhotayo ikuti usaiwale kumene wachokera. Ena amakhulupiriranso kuti mphezi siugunda mtengo umenewu. Za mphezizo ine sindingakulimbikitseni, mvula ya ziphaliwali ya ku Joni mukuidziwa, thawirani m'nyumba osati pansi pa mtengo uliwonse.

Ife tomwe tili ndi zathu zimene mlendo angadabwe nazo. Munthu wa kuno mutamutenga kupita naye ku Malawi, n'kupeza masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu, wapanjinga akutsika, dalaivala akuchepetsa liwiro ndi kuzimitsa wailesi, abambo akuvula zipewa, angaganize chiyani? Ife tikudziwa kuti masambawo akulengeza zovuta. Nanga mphinjiri imene ana ambiri tinavala m'khosi kapena m'chiuno? Nanga zimene anyamata amanong'onezana za chipatso cha mvunguti? Ngakhale azungu ali nazo zawo. Gogo wina wachizungu amene ndinamugwirira ntchito ankandiletsa kuika maluwa ofiira ndi oyera m'botolo limodzi, ati zimenezo ndi magazi ndi mabandeji, zimaitana imfa. Ophunzira a pa yunivesite ya Wits ndi ya Pretoria amati duwa la jakaranda likakugwera pamutu ndiye kuti mayeso wakhoza. Mtengowo kwawo ndi ku South America, ku Pretoria anaudzala koyamba mu 1888, koma poti umachita maluwa mu Okutobala ndi Novembala, nyengo ya mayeso, anthu anaupezera kale tanthauzo.

Koma sindikufuna kuti muchoke pano mukuganiza kuti chilichonse cha zitsamba n'chabwino. Choopsa chilipo, kungoti sichili pamene anthu akukulozerani. Chili pa zakumwa. Kuno kuli muzu wina wotchedwa impila umene ena amamwa kapena kupatsa ana poti uchotsa mizimu yoipa ndi kutsuka m'mimba. Muzu umenewu umawononga chiwindi ndi impso, ndipo wapha anthu, makamaka ana. Amayi oyembekezera amapatsidwanso zosakaniza zotchedwa isihlambezo, monga kwathu amaperekera mwanamphepo kuti matenda ayambe msanga. Anamwino kwathu akhala akuchenjeza za mwanamphepo chifukwa ukhoza kuchititsa kuti chiberekero ching'ambike. Botolo lopanda dzina, loti wogulitsa yekha ndiye akudziwa zili m'katimo, musamwe ndipo musamwetse mwana, ngakhale atakupatsani ndi munthu wokoma mtima. Mwana akatentha thupi thamangirani ku kiliniki.

Chachiwiri choopsa ndi timapepala tomata m'mapolo a magetsi ndi m'makoma a m'tauni, tolonjeza kubweza mwamuna wothawa, kukweza pantchito ndi kuchulukitsa ndalama. Zimandiwawa kuti ena mwa anthu amenewa amadzitcha asing'anga a ku Malawi, n'kumatiipitsira mbiri tonse. Mnyamata wina wa kwathu anatha malipiro a miyezi iwiri kwa munthu wotere, anapatsidwa makungwa oti azisamba kuti mapepala ake atuluke. Mapepala sanatuluke, lendi inamukanika, tinachita kumusunga ife. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amayi amene akufukiza impepho m'chipinda mwawo sanakupempheni ngakhale randi imodzi.

Nkhawa imodzi yokha imene ndikuiona pa nkhani yanu ndi utsiwo. Mwanena kuti mwana wanu ali ndi chifuwa cha mphumu, ndipo utsi uliwonse, wa impepho, wa mbaula kapena wa parafini, ukhoza kumuyambitsa kubanika. Imeneyo ndi nkhani yoti mukambirane ndi alandilodi anuwo mwaulemu. Koma musayambire pamenepo. Mwanena nokha kuti chichitikireni maliro simunalowe m'nyumba mwawo chifukwa cha mantha. Kwathu zimenezo sitichita, achemwali. Mangani chitenje, gulani shuga ndi kapaketi ka tiyi, mukagogode, mukakhale nawo pansi ngakhale Chizulu chanu chili chothyokathyoka. Mukawauze kuti pepani, mawu akuti pepani amamveka ndi nkhope yomwe. Za zenera ndi za chifuwa cha mwana mudzanene tsiku lina, ndipo ndikhulupirira adzayamba kukuuzani okha madzulo amene akufuna kufukiza kuti mutseke kwanuko.

Pakhomo pamene ndikugwira ntchito panopa pali mtengo wa kankhande kuseri, pafupi ndi mpanda. Mawa nthawi yopuma ndijambula nthambi yake pafupi, minga ziwiri zija zioneke bwino, ndiponya m'gulu momwe muno.