Kwa mphunzitsi mnzathu amene watumizidwa ku mapiri a ku Katete

Mng'ono wanga, ndawerenga funso lanu nditangofika kunyumba kuno ku Chilenje, mu Lusaka. Mwati munabadwira ndi kukulira ku Kabwata mu Lusaka momwemuno, ntchito ya uphunzitsi mwaipeza koma akutumizani kusukulu ya m'mapiri cha ku Katete, ndiye mukufunsa ngati mwana wa m'tauni angakhazikike kumeneko komanso ngati kuli kopita Loweruka likafika. Ndaona ambiri akukuuzani kuti muthamange mukapemphe kusintha malo musanafike n'komwe. Ine ndinaphunzitsa kumeneko zaka 7, ndipo ndikuti pitani. Koma mukapite ngati munthu wokakhala, chifukwa amene amapita chikwama chili chomangamanga ndi amene phiri limawatopetsa msanga.

Kwerani basi ya m'mamawa pa Intercity kuti msewu wa Great East muuone ndi maso. Mukadutsa Chongwe ndi Rufunsa dziko limayamba kusintha, msewu n'kumazungulira m'mapiri a Manenekera, uku phiri uku phompho. Kenako mumatsikira pa mlatho wa Luangwa, makilomita pafupifupi 230 kuchokera kuno. Pamenepo kumatentha zedi, ndipo fungo la nsomba zouma limakulandirani musanatsike n'komwe. Mukawoloka mumakweranso, Kacholola, Nyimba, mphambano ya ku Petauke, Sinda, mpaka Katete, ulendo wonse pafupifupi makilomita 500. Chodabwitsa n'chakuti Lusaka yathuyi ili pamwamba ndithu, mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, kungoti ndi yafulati moti sitidziwa kuti tili pamtunda. Kum'mawa kuja kukwera ndi kutsika umakumva m'miyendo tsiku lililonse.

Chinthu choyamba chomwe mudzaphunzire ndi mawu akuti "ndi pafupi". Mayi wina wa m'mudzi woyandikana ndi sukulu anandiitana kumwambo wa mwana wake sabata yanga yachiwiri. Anandilozera ndi mlomo kuti ndi kuseri kwa kaphiri ako. Ndinavala nsapato zanga za ku Kamwala, zachidendene. Tinayenda maola awiri. Iye anali ndi mwana kumbuyo, dengu la ufa pamutu, akucheza ngati ali pakhonde, ndipo pamalo otsetsereka ankandigwira dzanja osanena kanthu. Titafika anandithirira madzi ofunda m'beseni kuti ndiviike mapazi. Mayi ameneyo anakhala mnzanga zaka zonse 7, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kuti potsika phiri umaponda chammbali, osalunjika. Ndiye gulani nsapato zolimba za zingwe musananyamuke. Izi ndikunena motsindika kuposa china chilichonse.

Madzi amakhala kumunsi, nyumba kumtunda, choncho chidebe chilichonse mudzachidziwa kulemera kwake. Netiweki imagwira malo ena okha. Kwathu kunali thanthwe lina kuseri kwa kalasi ya giredi 7 pomwe aphunzitsi tonse tinkakwera madzulo kukaimbira abale. Tengani nyale ya sola, neti yoteteza udzudzu ndi bulangete lochindikala, chifukwa mu Juni ndi Julayi mphepo ya m'mamawa imalowa mpaka m'mafupa.

Nyengo yovuta ndi ya dzinja. Mvula ikagwa pamwamba pa phiri, kamtsinje komwe dzulo munadumpha ndi phazi limodzi kamasanduka chilombo mu ola limodzi, ngakhale pomwe muli pasanagwe dontho. Musawoloke madzi ofiira othamanga, ngakhale aoneke ofika m'mawondo okha. Dikirani, amaphwa msanga ngati mmene anadzadzira. Ndipo ana akachedwa masiku otero musawakalipire musanafunse. Ndimakumbukira mnyamata wina wa giredi 5 amene anafika cha m'ma 10 koloko, yunifolomu ndi mabuku atazikulunga m'jumbo n'kumangirira pamutu, milomo ili njenjenje. Anali atadikira kutsidya kuyambira mbandakucha kuti madzi atsike. Anangoti, "Aphunzitsi, ndabwera." Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwerengera ana a kutsidya ngati ochedwa.

Mukayang'ana minda ya m'mbali mwa mapiri mudzaona mizere yopingasa, yotsatira mmene phiri lazungulirira. Amatero kuti madzi aime m'makwawa m'malo mothamanga ndi nthaka. Pomwe mitengo yatha chifukwa cha makala mudzaona zigwembe zakuya, ndi miyala pomwe kale panali chimanga. Izi zimandipweteka mtima mpaka lero, makamaka ndikaona matumba a makala atandandalika m'mbali mwa msewu akudikira magalimoto obwera kuno. Wootcha makala sindimuda, ali ndi ana ofuna fizi ndi sopo. Koma ife a mu Lusaka amene timagula tizidziwa kuti mbaula zathu zikudya mapiri a anzathu.

Tsopano za kopita. Musayembekezere malo olipira pakhomo. Kuyenda kwabwino kumeneko ndi kukwera phiri lomwe lili pakhomo panu, ndipo pafupi ndi tauni ya Katete pali mapiri a Mphangwe omwe amaoneka muli pamsewu. Nthawi yabwino ndi Meyi mpaka Julayi, mvula itatha, kumwamba kuli mbee. Kuyambira Ogasiti anthu amatentha tchire posaka mbewa ndipo utsi umaphimba chilichonse, pomwe mu Okutobala thanthwe limatentha moti simungaligwire. Nyamukani dzuwa lisanatuluke, ndi madzi, mbatata yophika ndi mtedza wokazinga.

Musakwere nokha. Yambani mwakaonekera kwa amfumu a mudzi, mugwade, munene kuti ndinu mphunzitsi watsopano ndipo mukufuna kuona phiri. Adzakupatsani wokuperekezani. Kuchita zimenezi ndi ulemu, komanso pali nkhalango zina zowirira zomwe ndi manda, ndipo kumeneko n'kumene kumakhala dambwe la gule. Mlendo salowako. Inu simungasiyanitse nkhalango wamba ndi imeneyo, koma mwana wa giredi 3 amadziwa.

Ulendo wanga woyamba kufika pamwamba ndinapita ndi ana anayi a m'kalasi mwanga ndi agogo a mmodzi wa iwo. Anawo, omwe m'kalasi ankachita manyazi kuyankha, m'phirimo anasanduka aphunzitsi anga. Uwu ndi msuku, uwu ndi mlombwa wa matabwa, apa padutsa mbira, apa musaponde pali linthumbwi. Titafika pamwamba agogo aja anakhala pamwala n'kuyamba kuloza midzi ndi ndodo, kutchula dzina lililonse ndi amene anayambitsa, komwe anachokera, ndi chaka cha njala chomwe ena anasamukira. Denga la sukulu yathu linkanyezimira pansi ngati kachitini. Lolemba lake ndinaphunzitsa mapu pogwiritsa ntchito zomwe tinaona, ndipo palibe mwana amene anagona.

Mvula ikayamba kumagwa masuku, kenako bowa. Bowa musazule nokha, wina amapha. Tsatirani amayi odziwa.

Maulendo akuluakulu aliponso. Kumapeto kwa Ogasiti kuli Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete momwemo, pomwe mafumu a Achewa ochokera m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzaonekera kwa Kalonga Gawa Undi. Gule Wamkulu amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 mudzamuona pabwalo lake lenileni, fumbi lili koboo. Kumapeto kwa Febuluwale Angoni amachita Nc'wala ku Mtenguleni, pamaso pa Inkosi ya Makosi Mpezeni. Chipata ili makilomita pafupifupi 90 kuchokera ku Katete, nayonso yazunguliridwa ndi mapiri, ndipo phiri la Kanjala mukhoza kulikwera m'mawa umodzi n'kuona tauni yonse. Mukasunga kandalama, kuchokera ku Chipata mumatsikira ku Mfuwe kukaona njovu ndi mvuu ku South Luangwa.

Sindikubisirani, miyezi itatu yoyamba ndinalira. Dzuwa likalowa kuseri kwa phiri mdima umabwera msanga, ndipo kumakhala zii, kopanda phokoso la minibasi lomwe tinalizolowera. Malungo anandigwira kawiri. Mukamva thupi kutentha musadikire kuti kuche kawiri, pitani kukiliniki yapafupi mukayezetse, ndipo zikavuta chipatala chachikulu cha St Francis chili ku Katete komweko. Chomwe chinandichotsa kusungulumwa ndi kutuluka m'nyumba: kupita kumaliro, kulowa kwaya, kuthandiza kusenda mtedza pakhonde la anzanga. Chinyanja chathu cha mu Lusaka adzachiseka pang'ono, koma adzakukonzani mwachikondi, ndipo pakatha chaka mudzayankhula Chichewa chomwe agogo anu angasangalale nacho.

Mundilembere ku inbox mundiuze dera lomwe sukuluyo ili, mwina ndikudziwako anthu oti akakulandireni pa siteji. Ndipo basi ikaima pa Nyimba mugule nthochi zambiri ndithu, zina mukapatse a hedi ndi mabanja a aphunzitsi anzanu, musakafike chimanjamanja.